Pansi pa Matabwa a Boti la a Goma

A Yotamu Goma tinawaika m'manda mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Luangwa ataphwa moti anthu a tsidya lija anabwera kumaliro akuwoloka ndi miyendo, nsapato zili m'manja. Wina pa manda ananena kuti mkuluyu wasankha bwino mwezi wofera, mwezi umene palibe wofuna boti. Tinaseka pang'ono, kenako aliyense anayamba kuganiza za masabata otsala kuti mvula igwe.

Ine ndine mzamba pa kachipatala ka tsidya lino la mtsinje. Ndinabwera kuchokera ku Chipata zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndikudziuza kuti ndikhala chaka chimodzi basi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, mayi amene zamuvuta pobereka kuno ali ndi njira imodzi yokha yokafikira ku chipatala chachikulu ku Chama, ndipo njirayo ndi boti la a Goma. Mabwato a asodzi alipo, koma m'bwato simungagoneke munthu, ine n'kukhala pambali pake nditakweza dilipi, mtsinje utadzaza. Boti limenelo likafa, amayi anga ena afa nalo. Ndikulemba izi chifukwa ndawasowa mkulu ameneyu, komanso chifukwa ndili ndi mantha.

Botilo ndi la aluminiyamu, chitsulo chomwe chija amapangira mapoto, ndipo pa zaka ndi lalikulu kwa ine. A Goma ali mnyamata ankagwira ntchito pa kampu ina ya osaka nyama cha ku Chifunda, kuwolotsa alendo ndi mfuti zawo. Kampuyo itatsekedwa, eni ake anawasiyira botilo chifukwa linali litayamba kale kulowa madzi ndipo panalibe wofuna kuvutika nalo. Injini yake ine sindinaimvepo ikulira. Ndinapeza chivundikiro chake chili kuseri kwa nyumba yawo, nkhuku zikuikiramo mazira. Iwo ankangopalasa ndi nkhafi, pamalo osaya n'kumakankha ndi nsungwi.

Anthu akamakamba za iwo amakumbukira mvuu zimene anazizemba ndi chaka cha chigumula chimene anawolotsa ana a mayeso. Ine ndimawakumbukira atagwada. M'botimo muli matabwa asanu ndi limodzi opondapo, ndipo pansi pa matabwawo pali mpata wokwana chikhatho, mmene mumasonkhana madzi, matope ndi chilichonse chimene anthu agwetsa. Wokwera saonamo, ndipo alibe nazo ntchito. A Goma akawolotsa munthu womaliza masana, ankazula matabwa onse n'kuwayanika, kukapa madzi ndi chigubu cha mafuta ophikira chodula pakamwa, kupukuta ndi chisanza cha thumba mpaka pouma, kenako n'kuyamba kuyendetsa chala pa misomali yogwira zitsulozo, umodzi umodzi, milomo ikugwedezeka ngati munthu wopemphera. Mukawapatsa moni nthawi imeneyo ankayankha ndi mphuno.

Tsiku loyamba kuwaona akutapa madzi a pansipo ndi kapu yoyera n'kulawa, ndinaiwala kuti ndine mlendo. Ndinawauza za likodzo, za kolera, zonse zimene ndinaphunzira kusukulu. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha, kenako analavula.

"Mwasiliza, mama?" anafunsa. "Manje mverani. Aya ni madzi a mvula, alibe mchenga m'mano. Akakhala na mchenga ndiye kuti Luangwa walowa, ndipo ine nifunika kudziwa khomo lake lero, osati tsiku lomwe muzakhala pakati na munthu wanu."

Ndinasiya kuwaphunzitsa. Koma mankhwala a likodzo ndinkawamwetsa chaka chilichonse, nditaima pomwepo mpaka ameze, iwo akudandaula kuti ana a masiku ano alibe ulemu.

Ankakonda kunena kuti boti silifera pamwamba. Mvuu, ankatero, imakugubuduza kamodzi pa moyo wako, mwinanso osakugubuduza n'komwe, koma litsiro limadya tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Nchifukwa chake mvula ikagwa Loweruka, kutchalitchi ankafika ulaliki uli pakati, mawondo a buluku atanyowa. Akulu ampingo atawadzudzula, anayankha kuti amene anagwetsa mvulayo akudziwa kumene iwo anali. Zinthu zimene ankaziopa zinali zazing'ono moseketsa. Kawaya ka kopa kothothoka ku chaja ya foni, kakagona m'chinyezi pansipo, kamadya chitsulocho pang'onopang'ono mpaka padzaoneke kabowo ngati ka singano. Mchere nawo chimodzimodzi. Makoko a mtedza ankadana nawo chifukwa amasunga chinyezi m'makona, moti munthu wokwera akutafuna ankamudikira amalize ali kumtunda. Koma mdani wawo wamkulu anali feteleza.

Feteleza kuno amafika mochedwa, mtsinje utadzaza kale, alimi mitima ili m'mwamba. A Goma ankakana thumba lililonse long'ambika. Ankayenda ndi singano yaikulu yobaya m'chipewa, ndipo mwini thumba ankakhala pa mchenga kusoka anzake akuwoloka. Chaka china anatsitsa matumba onse a mkulu wa kopaletivi, munthu woti akaima pa msonkhano ena amakhala chete, chifukwa limodzi linkakhetsa timibulu toyera. Mkuluyo analusa, nati boti ndi lothandiza anthu, si mphasa ya a Goma yoti azisankha wokhalapo. Iwo sanakweze mawu. Anatola timibulu tingapo, n'kumuika m'dzanja, n'kumuuza kuti akatiike m'poto wa mkazi wake ndi madzi pang'ono, pakatha mwezi adzabwere adzanene zimene waona. Anthu awiriwa sanapatsane moni mpaka chimanga chinacha.

Sindinama kuti anali munthu wofewa. Ankatha kukusiya padzuwa ola lathunthu chifukwa matabwa sanaume, ndipo kupepesa sankakudziwa. Koma tikawolotsa mayi wodwala, ankavula jekete lawo n'kuliponya kutsogolo osayang'ana, kuti tifunditse mayiyo. Ulendo wonse maso ankakhala pa madzi, ndipo mayi akabuula kwambiri ankayamba kulankhula okha za mitengo ya pagombe, kuti tapita pa mkuyu, tsopano tikufika pa bwemba, kuti wodwalayo adziwe kuti tikuyenda.

Misomali yofooka ankaimata ndi phala lawo lakuda, phula la njuchi losungunulira pamodzi ndi zidutswa za tala zimene ankatola m'mbali mwa msewu akapita ku boma. Anali ndi ming'oma itatu ya njuchi. Akafula, uchi ankagawira aliyense wobwera ndi botolo, iwo n'kusunga phula. Akazi awo, aNyaMvula, ankati m'chigwa chonse muno ndi iwo okha anakwatiwa ndi mwamuna wotaya uchi n'kusunga zisa. Mapoto awo awiri anathera ku tala ameneyu.

"Afunseni misomali ya boti, azakuuzani yonse na chaka chake," anandiuza aNyaMvula tsiku lina, amuna awo ali pomwepo akusema nkhafi. "Manje afunseni pomwe mtenje wathu udontha. Ni pa bedi, mama, pamutu pawo penipeni!"

A Goma anayankha kuti munthu wonyowa pa bedi samira, n'kupitiriza kusema.

Zaka zinayi zapitazo, mu Januwale, anadwala chibayo. Ndinawatumiza ku Chama akukana, aNyaMvula anapita nawo kukawadwazika. Anawawolotsa Mateyo, mwana wa mlongo wawo, bambo wa ana atatu wa mapewa ngati ng'ombe ya ngolo. Asanakwere ambulansi anamulamula kuti akakokere boti kumtunda, aziliika m'madzi pokhapokha pakakhala wodwala.

Maganizo anali anga, ndinene poyera. Amayi ambiri a kuno anawolokapo m'boti limenelo moyo uli pa ulusi, koma a Goma sankalandira zikomo. Munthu akayamba kuthokoza, iwo ankayang'ana kumbali ngati wawanunkhira. Ndiye ndinati tiyeni tiwathokoze ndi manja, akapeze boti lawo likuwala. Loweruka m'mawa tinatsikira ku doko amayi khumi ndi awiri, titanyamula phulusa, mipeni ndi waya wotsukira mapoto umene ine ndinabwera nawo kuchokera kutauni. Mateyo anali kumunda. Titazula matabwa tinapeza pansi ponse pali zigamba zakuda zomata, zina ngati chala, zina ngati chikhatho cha mwana. Zaka zisanu ndinali nditawaona atagwada mmenemo, koma sindinasuzumirepo kuti ndione chimene chala chawo chinkakhudza. Tinagwedeza mitu, tikuti amuna ndi amuna basi, angapukute tsiku lililonse litsiro saliona. Aliyense wa ife anakula akudziwa kuti poto wakuda ndi manyazi a mkazi. Tinapala ndi mipeni, tinakwecha ndi mchenga ndi phulusa, tikuimba nyimbo za kutchalitchi. Pofika masana ana ankadziyang'anirapo nkhope. Safunsa anadya phula, amatero akulu, koma ife tinachita kulipala n'kulitaya mumtsinje.

A Goma anabwerera Lachiwiri pa bwato la msodzi, ataonda, jekete likuwalendewera, aNyaMvula ali pambuyo ndi katundu. Tinawalandira ndi nthungululu. Anayenda mpaka pa boti, anazula thabwa limodzi, n'kukhala chilili nthawi yaitali. Nthungululu zinazima zokha.

"Zakuda zija zili kuti?" anafunsa.

Mayi wina anayankha monyadira kuti zonse zinachoka, agogo, palibe chatsala.

Anakhala pansi pa mchenga pomwepo. "Paliponse panali chakuda panali msomali wodwala," anatero, mawu ali pansi. "Ninali kuwadziwa na maso. Manje onse avala yunifomu imodzi."

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinatiwawa koposa. Anangofotokoza kuti phula lawo linatha, la njuchi silipezeka mu Januwale, ndipo kumata kumafuna masiku atatu a dzuwa, amene mwezi umenewo kulibe. Amayi anayamba kuchoka mmodzi mmodzi.

M'mawa mwake zinthu zinandivuta kuchipatala. Tamala Zimba, mtsikana wa mimba yoyamba, amene mayi ake anali nafe pokwecha, anali akuvutika kuyambira dzulo lake, mwana sakutsika. Ndinakwera pa chulu pomwe foni imagwira, ndinaitana ambulansi kuti ikadikire tsidya lija, ndipo tinamunyamula pa machira mpaka ku doko. Mtsinje unali wofiira, ukudutsa ndi mitengo yathunthu.

A Goma anakana kuika boti m'madzi. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, munthu wa msinkhu wa bambo anga. Ndinati mwanayu akafa afera m'manja mwawo. Ndinanena zimenezo ine, amene ndinabweretsa waya uja.

"Tikamira pakati tifa tonse, mama, na mwana wamene mufuna kupulumutsa," anatero. "Nipatseni nthawi. Bweretsani mabaketi."

Analamula amuna kuti akweze boti pa zipika ziwiri. Amayi omwe aja anaima mzere kuchokera ku mtsinje, kumapatsirana mabaketi n'kumathira madzi m'kati mwa boti. Iwo, munthu wotuluka m'chipatala dzulo, anakwawira pansi pake chagada, khala lili m'manja, ndipo paliponse podontha ankalembapo. Ankatsokomola, madzi akuwagwera kumaso. Anapeza malo khumi ndi asanu ndi anayi. Madzi atakhuthulidwa anaitanitsa sopo wa mtanda yense amene anali m'mudzi, n'kumukanyira pa msomali uliwonse wolembedwa, kunja ndi m'kati. Anati sopo agwira kwa kanthawi kenako asungunuka, choncho Mateyo apalase ngati wathamangitsidwa ndi njovu. Zonsezi zinatenga maola awiri. Ine ndinali pansi pa mtengo ndi Tamala, khutu lili pa kachitoliro kanga komvera mtima wa mwana, ndikuumva ukuchepa mphamvu.

Mtsinje ukadzaza suwoloka molunjika. Umayamba wakwera m'mbali mwa gombe, kenako n'kudula, madzi akukutsitsa. Tamala anagona pa matabwa atatu a kutsogolo, mutu uli pa miyendo ya mayi ake, ine nditakweza dilipi. Matabwa a kumbuyo a Goma anawasiya kumtunda kuti aziona pansi. Anagwada mmenemo, dzanja lina lili ndi chigubu, lina likuthamanga pa misomali. Tisanafike pakati thovu loyera linayamba kuyandama ngati tikuchapa. Anaponda malo awiri ndi zala za kumapazi, ena ndi bondo, n'kumakapa osakweza mutu. Munthu amene ankadziwa mtsinje umenewu kuposa aliyense sanauyang'ane ngakhale kamodzi tsiku limenelo. Tinagunda mchenga wa tsidya lija madzi ali m'akakolo, chitenje cha Tamala chitanyowa.

Tamala anachitidwa opaleshoni ndipo ali moyo, lero ali ndi ana awiri. Mwana wa tsiku limenelo sanalire. Adokotala anandiuza kuti mwina maola awiriwo sakanasintha kanthu, ndipo mawu akuti "mwina" amenewo ndakhala nawo zaka zinayi.

Patapita sabata ndinapita kwawo kukaulula kuti maganizo otsuka anali anga. Ndinawapeza pakhonde akusungunula timakandulo totsala timene anakapempha kutchalitchi.

"Nidziwa," anatero osakweza mutu. "Waya uja ni wa ku Chipata. Kuno tikwecha na mchenga." Anatakasa m'poto kwa kanthawi. "Imwe munatsuka chifukwa munafuna kunikondweretsa. Ine ndiye sininauze munthu kuti zakuda zija ni chiyani. Zaka zonse izi, ngakhale mmodzi."

Anandikankhira kampando ndi phazi. Ndinakhala pamenepo ndikulira mpaka makandulo anasungunuka, iwo osanditonthoza komanso osandithamangitsa. Sitinakambenso za nkhaniyi mpaka imfa yawo. Botilo analimatanso lonse m'nyengo ya dzuwa, ndipo kuyambira pamenepo ankaitana Mateyo kuti azigwada nawo. Mateyo ankagwada kwa mphindi zingapo, foni ikalira n'kudzuka. Ndi munthu wabwino, ndipo kupalasa amaposa amalume ake, koma mumtima mwake amakhulupirira kuti chitsulo sichiwola.

Chaka chathachi maso a a Goma anachita ng'ala, miyendo n'kutupa, komabe ankatsikira ku doko ndi ndodo, chifukwa ntchito yawo inali ya chala. Kumapeto kwa Seputembala chaka chino anagonjera mphasa. Nditapita kukawayeza, sanafunse za mtima wawo kapena za mankhwala. Anandigwira dzanja.

"Muuzeni Mateyo, wachitatu kumanzere wayamba kuyenda. Aumate mvula isanabwere."

Ndinamuuzadi tsiku lomwelo. Mateyo anafunsa kuti wachitatu kuchokera kuti, kutsogolo kapena kumbuyo, pa mzere uti. Ndinati ndikawafunsa ndikabwerako ku boma, kumene ndinali ndi msonkhano wa masiku anayi. Pobwerera ndinamva kulira ndili pakati pa mchenga wa mtsinje.

Ndimawasowa kwambiri, ndipo sizinthu zazikulu zimene ndimasowa. Cha m'ma fili koloko, mphepo ikachokera ku mtsinje, kuchipatala kunkamveka chigubu chawo chikukhula chitsulo, khwe, khwe, khwe. Sindinkadziwa kuti ndimamvetsera. Ndikamva phokoso limenelo ndinkalemba kalata yotumiza mayi ku Chama ndikudziwa kuti boti lili bwino. Masiku ano nthawi imeneyo ikakwana ndimadzipeza nditaima pa zenera, cholembera chili m'manja.

Dzulo ndinatsikira ku doko ndi Esinati, mtsikana wamfupi wa mimba yoyamba, amene ndikufuna akadikirire ku Chama masiku ake asanakwane. Mvula yagwa katatu, ndipo mtsinje wafika kale pa mizu ya msikidzi waukulu wa pagombe. Mateyo anali asanabwere kuchokera kumunda. Pansi pa msikidziwo pali miyala inayi yafulati imene a Goma ankayanikapo matabwa. Udzu wamera pakati pake, ndipo pa umodzi panali ndowe za mbuzi. Ndinalowa m'boti n'kukoka thabwa la kumbuyo. Linakana kaye chifukwa latupa. Pansi pake ndinapeza madzi obiriwira, thumba la feteleza lopanda kanthu litapanikizika pakona, ndi ambululu, ambirimbiri, akusambira osaopa kanthu. Ndinapisa dzanja kumanzere n'kuyamba kuwerenga misomali. Mizere ilipo inayi. Uliwonse uli ndi wachitatu wake kuchokera kutsogolo ndi wachitatu wake kuchokera kumbuyo, ndipo yonse pa chala changa inkamveka chimodzimodzi.

"Asisita," Esinati anaitana ali pa mchenga, kachikwama kali pamutu, dzanja lina litagwira mimba, "manje tikwere?"

Ndinatembenukira pansi pa msikidzi kuti wina andiyankhire. Panali mthunzi wokhawokha, ndi masamba ogwa amene palibe wasesa.